Kubalansa till madzulo kuti shoti isakudyereni malipiro

Anzanga amene mwangoyamba kumene ntchito ya ukashiya, kaya ndi mu shopu yaikulu, pa hardware kapena pa famase, ndikufuna ndikuuzeniko za nthawi ija ya madzulo chitseko chikatsekedwa, makasitomala apita, mwatsala inu ndi dirowa yanu, supavaiza ataima pambali akuyang'ana wotchi kuti minibasi zisathe pa siteji. Ine ndinagwira pa till zaka zingapo mu shopu ina ya zakudya ndi katundu wa pakhomo ku Lilongwe kuno, kenako anandikweza kuti ndizilandira ndalama za makashiya anzanga, ndiye mbali zonse ziwiri ndaziona. Pa training amakuphunzitsani kusikana katundu, kumwetulira kasitomala ndi kupereka risiti, koma zakubalansa amangoti muzionera kwa anzanu, chonsecho malipiro a anthu amathera pamenepo.

Chofunika kuchimvetsa kaye n'chakuti kompyuta ija siona m'dirowa. Ilibe maso. Imangodziwa zimene inu mwadina basi. Mukadina kuti kasitomala walipira kashi K18,000 iyo imakhulupirira kuti K18,000 yalowa m'dirowa, kaya munthuyo analipira pa foni, kaya anakupatsani K16,000, izo sizikuikhudza. Ndiye madzulo pamakhala manambala awiri, imene sisitimu ikuyembekezera ndi imene mwawerenga ndi zala zanu, kubalansa ndi kuyanjanitsa ziwirizi basi. Ndalama za m'manja zikachepa ndiye shoti, zikachuluka ndiye ova, ndipo zonse ziwiri zimafuna kufotokozedwa.

Koma kubalansa kwa madzulo kumayambira m'mawa pa floti. Floti ndi ndalama ija amakupatsani yoyambira kupereka chenji, kwathu inali K50,000, yambiri ili m'ma K1000, ma K500, ma K200 ndi ma K100. Imabwera mu envulopu yolembedwa kale pamwamba, ndipo m'mawa kumakhala kuthamanga, makasitomala a buledi ndi shuga ayamba kale kusuzumira pa galasi, supavaiza akuti sainani apa mwachangu. Musasaine musanawerenge. Panali mtsikana wina amene anabwera pambuyo panga, waulemu kwambiri, amaona ngati kuwerenga floti pamaso pa akuluakulu ndi kuwakayikira, ndiye ankangolandira n'kuika m'dirowa. Sabata yonse ankapezeka ndi shoti, lero K1,000 mawa K2,000, mpaka anayamba kulira kuti mwina saitha ntchito. Titamuuza kuti awerenge floti m'mawa pamaso pa woperekayo tinapeza kuti envulopu yake inkabwera yoperewera, poti wa shifiti ya madzulo ankatengamo chenji n'kuiwala kubwezera. Palibe amene ankaba, koma wodulidwa anali iyeyo. Mawu ake ndi osavuta, mumangoti "bwana, ndiwerenge kaye tili limodzi", ndipo supavaiza wabwino sakwiya nazo zimenezo, amene akwiye ndiye muzimuyang'anitsitsa.

Chimodzimodzi pasiwedi. Dirowa imodzi munthu mmodzi. Mukamapita ku lunch tulukani mu sisitimu, khomani dirowa, kiyi m'thumba. Mnzanu akati ndingogulitsako awiri atatu pa dzina lako mzerewu watalika, mukaneni mwaulemu, ngakhale mukhale mumadya limodzi chipisi masana, chifukwa madzulo lipoti lituluka ndi dzina lanu lokha. Mashopu ang'onoang'ono ambiri ali ndi till imodzi anthu atatu, pamenepo njira yake ndi kuwerengerana posinthana, kutulutsa X report, lipoti loonetsa malonda pamene afika osatseka tsiku, onse awiri kusaina, kenako winayo ayambe. Zimatenga mphindi zochepa koma anthu amazemba poti amaona ngati kutaya nthawi.

Tsopano masana muli pakati pogulitsa. Ndalama zathuzi zili ndi msampha umodzi umene ambiri sauganizira. K500 ndi K2000 zonse zili ndi nkhope ya John Chilembwe, K1000 ndi K5000 zonse zili ndi nkhope ya Kamuzu Banda. Mitundu ndi yosiyana inde, koma ndalama ikatha, itadutsa m'manja mwa ogulitsa makala, a kaunjika ndi a kanyenya, kuwonjezera kutopa kwa 5 koloko madzulo ndi magetsi ofooka a jenereta, diso limangoona nkhope n'kuvomera. Ndiye chizolowezi chimene chinandipulumutsa kambirimbiri n'chakuti ndalama ya kasitomala sindinkaiika m'dirowa ndisanapereke chenji. Ndinkaigoneka pamwamba pa dirowa, poonekera, n'kunena mokweza kuti "mayi, mwandipatsa faifi sauzande", kupereka chenji ndikuwerenga m'manja mwawo, akavomera ndiye ndalama ija ilowe pamalo pake. Wina akabwerera kuti ndinakupatsani K5000 osati K1000, umakhala ukukumbuka kuti unanena mokweza ndipo anavomera.

Palinso aja obwera awiriawiri nthawi yoti mzere watalika. Wina agula sopo wa ndalama zochepa ndi K5000, uli pakati powerenga chenji akuti ayi dikirani ndapeza yaing'ono, bwezerani ija, kenako akuti komanso ndisinthireni iyi ikhale ma K1000, mnzake uku akukufunsa mtengo wa mafuta ophikira. Akamatuluka wapita ndi K5000 yake ndi chenji chomwe. Anthu ambiri zikawachitikira amati ndi chitaka, ndipo ndinagwirapo ndi amayi ena amene ankaika kakhala ndi singano pakona pa dirowa kuti ndalama zisamauluke. Sindinawatsutsepo, chikhulupiriro ndi cha munthu, koma kunena zoona zitaka zonse zimene ine ndinazifufuza zinapezeka papepala kapena pa kamera. Munthu akayamba kukusokonezani chonchi ingotsekani dirowa, malizani kaye nkhani yoyamba, ndipo zosintha ndalama muuzeni apite kwa supavaiza.

Koma shoti zambiri masiku ano sizichokera kwa akuba ayi, zimachokera pa batani la njira yolipirira. Kale kunali kashi basi. Pano kasitomala mmodzi aswaipa khadi, wina Airtel Money, wina Mpamba, wina atumiza pa Mo626, wina akuti theka kashi theka pa foni. Sisitimu zambiri batani la kashi ndi limene lili pafupi kapena limasankhika lokha ukangodina Enter, ndiye chala chozolowera chimangodina kashi pomwe munthu walipira pa foni. Ndalama ya shopu sinasowe, ili mu foni ya shopu, koma dirowa yanu ionetsa shoti ndendende ya ndalama imeneyo. Ine ndinkasunga kapepala pambali pa kiyibodi, aliyense wolipira pa foni ndinkalemba ndalama yake ndi manambala anayi omaliza a transaction ID, ndipo risiti ndinkaitulutsa pokhapokha uthenga utalowa mu foni ya shopu. Osati kuona pa foni ya kasitomala ayi. Ma screenshot amapangidwa, mauthenga akale amaonetsedwa ngati atsopano, ena amatumiza ku nambala yolakwika mosadziwa ndipo uthenga wawo umaoneka bwinobwino. Netiweki ikamavuta mupempheni kasitomala aime pambali pang'ono, thandizani wotsatira, adzakunyozani mwina koma ndalamayo si iye adzailipire pakutha pa mwezi.

Kamakina ka banki koswaipira kaja nakonso kali ndi zake. Kamatulutsa silipi ngakhale malipiro akanika, ndiye werengani mawuwo, approved kapena declined, musangomva kulira kwa pepala n'kupereka katundu. Silipi ya shopu isungeni pansi pa thireyi ya dirowa, yonse pamalo amodzi. Nthawi zina kasitomala amakuonetsani uthenga wa ku banki kwake kuti ndalama yachoka koma makina anu akuti yakanika, pamenepo musaweruze nokha, itanani supavaiza, alembe, chifukwa nkhani imeneyo imathera ku banki osati pa till. Madzulo kamakinako kamatulutsa lipoti lake la tsiku lonse ndipo total yake iyenera kufanana ndi mzere wa khadi pa lipoti la sisitimu komanso ndi masilipi anu mukawaphatikiza.

Chinanso ndi ndalama zotuluka m'dirowa masana. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu mu May 2022, kenakonso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inakwera moti munthu akagula thumba la ufa, mafuta, shuga ndi sopo amakupatsani mpukutu, poti ndalama yathu yaikulu ndi K5000 imene inatuluka mu 2022. Ndiye dirowa imadzaza isanakwane 12 koloko, makamaka kumapeto kwa mwezi anthu akalandira, ndipo supavaiza amabwera kudzachotsako ma K5000 ndi ma K2000 kupita nazo ku sefa, kwathu tinkati pick up. Iyi ndi nthawi yoopsa kwambiri chifukwa imachitika mzere uli pomwepo, aliyense akufulumira. Werengani limodzi, alembe silipi, asaine, inunso musaine, kope imodzi itsale m'dirowa mwanu, ndipo ngati sisitimu yanu ili ndi polembera pick up ailowetse nthawi yomweyo inu mukuona. Zoti "ndibwera ndi silipi pompano" ayi.

Ndiye pali abwana eni shopu. Amalowa mothamanga, "tandipatsa 12 sauzande ya dizilo wa jenereta", kapena ya aganyu otsitsa katundu, kapena mayi a kunyumba atuma mwana. Ndalama ndi yawo inde, shopu ndi yawo, koma madzulo adzakhala ataiwala ndipo sisitimu sidziwa kanthu. Kuwauza bwana kuti saina kumavuta poyamba, makamaka ngati ndi munthu wamkulu woti ungamutche bambo ako, koma ine ndinkangokhala ndi kabuku ka petty cash pafupi, akamatambasula dzanja ndawatsegulira kale tsamba ndi cholembera, "bwana mungolembako apa kuti ndisaiwale". Ukanena kuti woiwala ndi iweyo sakhumudwa. Patapita nthawi anazolowera mpaka ankafunsa okha kabuku kaja.

Magetsi akazima ndipo jenereta ikuchedwa, mashopu ambiri amagulitsabe polemba malisiti a pamanja. Ndalama zimenezo zimalowa m'dirowa koma sisitimu sinazione, ndiye magetsi akabwera zilowetseni zonse ndipo risiti iliyonse ya pamanja imene mwailowetsa ikhwatcheni kapena lembanipo kuti yalowa. Mukapanda kutero mwina muiwala ina, mupezeka ndi ova, kapena mulowetsa ina kawiri, mupezeka ndi shoti ya katundu amene simunagulitse. Ma void, kufufuta malonda olowetsedwa molakwika, ndi ma refund, kubweza ndalama kwa kasitomala, chimodzimodzi, risiti yoyamba ija isatayidwe, ipanidwe limodzi ndi ya refund, supavaiza asainepo.

Tsopano tifike pa kuwerenga kwenikweniko. Langizo langa lalikulu, limene ndikanakonda aliyense atalitenga ngakhale aiwale zina zonsezi, ndi ili: werengani ndalama ndi kulemba musanaone nambala ya pa sisitimu. Mutu wa munthu ndi wachinyengo. Mukaona kaye kuti sisitimu ikufuna K681,500, zala zanu zimayamba kusakasaka nambala imeneyo, mukapeza yoyandikira mumasiya kuwerenga, mukapeza yopitirira mumayamba kuganiza zina. Ma sisitimu ena abwino sakuonetsani n'komwe nambala yake mpaka mutalowetsa yanu. Ngati yanu imaonetsa, tembenuzani pepala la lipotilo kaye.

Tulutsani thireyi yonse, yang'anani pansi pake ndi kumbuyo kwa dirowa chifukwa ndalama zimatsetserekera kumeneko, makamaka zatsopano zoterera zija. Sanjani mtundu ndi mtundu, nkhope zonse ziyang'ane mbali imodzi, mukamatero ndi pamene K2000 yobisala pakati pa ma K500 imaonekera. Ine ndinkapanga timagulu ta khumikhumi, zisanu ndi zinayi zowongoka ya khumi kuipinda mopingasa, timagulu khumi n'kumanga ndi labala kukhala mtolo wa 100. Ndalama zatsopano zimamatana ziwiriziwiri, zikwinyeni pang'ono kaye, ndipo khalani ndi kasiponji konyowa, zonyowetsa chala ndi malovu zija siyani, ndalama zimadutsa malo ambiri. Ngati pali makina owerengera agwiritseni ntchito koma kumbukirani kuti makina ambiri otchipa amawerenga mapepala osati mtengo wake, K1000 ikalowa mu mtolo wa ma K5000 iwo angoti 100 basi.

Polemba musalembe total yokha ayi. Lembani mtundu uliwonse, kuchuluka kwake, ndi ndalama yake. Ndipereke chitsanzo cha manambala ongopeka koma ofanana ndi tsiku wamba pa till yanga. Ma K5000 alipo 84, ndiye K420,000. Ma K2000 alipo 113, K226,000. Ma K1000 alipo 57, K57,000. Ma K500 alipo 31, K15,500. Ma K200 alipo 22, K4,400. Ma K100 alipo 18, K1,800. Ma K50 alipo 6, K300. Zonse pamodzi K725,000. Pamenepa chotsani floti ya K50,000 ija chifukwa si malonda a lero, patsala K675,000. Ambiri atsopano amaiwala kuchotsa floti n'kuyamba kusangalala kuti ali ndi ova ya 50 sauzande, kapena amaichotsa kawiri chifukwa sisitimu yawo inaiwerengera kale m'mawa potsegula shifiti, ndiye funsani tsiku loyamba lomwe kuti yanuyo imachita bwanji ndi floti.

Kenako tembenuzani lipoti lija. Tinene kuti likuti malonda a kashi ndi K893,500. Masana panali pick up ya K200,000, silipi yake ilipo, ndi K12,000 ya dizilo ija bwana anasaina. Mukachotsa ziwirizi patsala K681,500, imeneyi ndiyo iyenera kukhala m'manja mwanu. Inu muli ndi K675,000. Shoti K6,500. Apa mtima umagunda, koma musathamangire kupisa m'thumba kapena kuloza anzanu. Werenganinso kashi kamodzi, makamaka wina awerenge inu mukuona. Ikabweranso chimodzimodzi pitani ku foni ya shopu, phatikizani zonse zalowa lero pa Airtel Money ndi Mpamba muyerekeze ndi mzere wake pa lipoti. Kawirikawiri mupeza kuti mu foni muli K6,500 yochuluka kuposa imene sisitimu ikunena, ndiye nkhani yatha, munthu wina analipira pa foni inu munadina kashi. Supavaiza akonza kapena alemba pa fomu, ndipo palibe wodulidwa.

Ikapanda kupezeka pamenepo, iyang'aneni nambala ya shotiyo, imalankhula. Izi anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire wa ku akaunti amene anayamba ntchito nthawi ya mabuku a pamanja kompyuta zisanabwere. Kusiyana kukakhala K4,000 ndendende ganizirani K1000 ndi K5000, kukakhala K1,500 ganizirani K500 ndi K2000, kukakhala K3,000 mwina K2000 yalowa pakati pa ma K5000. Kusiyana kukakhala nambala yogawika ndi 9, monga K900 kapena K2,700, nthawi zambiri ndiye kuti penapake manambala atembenuzidwa, munalemba 4,500 m'malo mwa 5,400, kapena 36 m'malo mwa 63. Kukakhala kowirikiza kawiri ndalama ina imene mukuidziwa, mwachitsanzo K24,000 pomwe panali dizilo wa K12,000, ndiye kuti mwaphatikiza pamene mumayenera kuchotsa. Ndipo kukafanana ndi mtengo wa katundu wina amene mumagulitsa, fufuzani malisiti, mwina anasikanidwa kawiri kasitomala n'kulipira kamodzi atadandaula, void osapangidwa. Bambo aja ankapeza shoti ya munthu asanagwire n'komwe ndalama, kungoyang'ana pepala.

Za X ndi Z ndinenepo pang'ono poti ambiri amasokoneza. X report ndi yongosuzumira, mutha kuitulutsa kangapo patsiku, sisintha kanthu. Z report ndiyo imatseka tsiku, ikatuluka manambala a tsikulo amabwerera pa ziro ndipo simungabwerere kukakonza. Ndiye balansani ndi X, fufuzani zonse, konzani zoyenera kukonzedwa, Z ikhale yomaliza. Mashopu olembetsa VAT anayamba kugwiritsa ntchito makina a EFD a MRA, otulutsa malisiti a msonkho, mu 2014, ndipo kwathu Z ya tsiku lililonse inkasungidwa mu fayilo motsatana manambala ake chifukwa a msonkho akabwera amafuna kuiona. Nthawi imene ine ndinali pa till VAT inali 16.5 peresenti, ndipo pa lipoti pamatuluka mizere ingapo, ya malonda opanda msonkho, ya msonkho, ndi total. Yoti mubalanse nayo ndi ija ya ndalama zimene makasitomala analipiradi, msonkho uli momwemo, yogawidwa kashi payokha khadi payokha foni payokha. Ndinaonapo mnyamata wina atatuluka thukuta akufanizira kashi yake ndi mzere wopanda VAT.

Ova nayonso si mphatso. Ndikudziwa kuti ukapeza K3,000 yapamwamba, transport ya mawa ulibe, satana amanong'oneza. Koma ova nthawi zambiri ndi shoti imene sinafike. Mwina kasitomala wina munam'patsa chenji chochepa ndipo mawa abwera ndi risiti, mwina pali katundu amene simunasikane ndipo adzasowa pa stock taking powerenga katundu wa m'shopu, mwina refund inalowa mu sisitimu koma ndalama simunabweze. Ikalembedwa lero, mawa nkhani ikabwera imayankhidwa ndi pepala. Ikalowa m'thumba, tsiku limene kamera idzaonedwe simudzafunsidwa za K3,000 yokha, adzakuikirani shoti zonse za chaka. Ndipo mbali inayo, musamabise shoti poikamo ndalama yanu mwakachetechete musanalembe. Anzanga ena ankachita zimenezi poopa kukalipiridwa, kenako patapita masiku a ku akaunti apeza kuti inali nkhani ya batani, ndalama ili mu foni ya shopu, koma iwo sangaitanitsenso yawo ija poti fomu ya tsikulo ikuonetsa kuti zinabalansa.

Timaova ting'onoting'ono ta K30, K70, K120 timabwera chifukwa cha chenji chosowa. Makobidi a K1, K5 ndi K10 sitiwaonanso pa till, ma K20 ndi ma K50 nawo ndi osowa ndipo makasitomala ena amawakana kapena amangoti zisiyeni. Mashopu ambiri timapereka switi m'malo mwa chenji, chabwino, koma switiyo isikanidwe ngati yagulidwa, apo ayi botolo la maswiti lidzapezeka loperewera ndipo dirowa yanu izikhala ndi kaova kosadziwika kochokera. Funsaninso ngati pali malire a kusiyana amene shopu imalola osadula munthu, malo ena alipo malo ena kulibe, ndi bwino kudziwiratu.

Ndalama zong'ambika ndi zomata ndi selotepi ziikeni pazokha pamwamba pa mtolo, muzilembe kuti zilipo zingati, kuti wolandira asadzakubwezereni mawa ngati kuti munabisa. Yokayikitsa kuti ndi yabodza iyenera kugwidwa masana ili m'manja mwa mwini wake, poipenyetsa kuwala kuti muone chithunzi chobisika chija ndi kachingwe ka m'kati, ndi kuikhudza kumva kukhakhala kwa pepala. Ikangolowa m'dirowa basi yasanduka yanu.

Mukamaliza zonse, fomu isainidwe ndi anthu awiri, inu ndi wolandira, ndalama ziwerengedwe pamaso panu zisanalowe mu chikwama kapena mu sefa. Zosiya ndalama pa tebulo la supavaiza kuti awerenga mawa poti kwada, kanani, ndi bwino kuphonya minibasi n'kukwera kabaza. Nditakhala mbali yolandira ndi pamene ndinazindikira kuti wolandirayo nayenso amatopa, amalandira ma till anayi asanu, akhoza kuphatikiza mtolo wanu ndi wa mnzanu popanda choipa chilichonse mumtima. Ndiye jambulani fomuyo pa foni ngati malamulo a pamalopo akulola, ngati salola khalani ndi kahadikava kanu kakang'ono kolembamo tsiku, floti, kashi yowerengedwa, nambala ya Z, ma pick up ndi manambala a masilipi ake, shoti kapena ova, ndi dzina la amene analandira.

Kahadikava kameneka kanandithandiza mwezi wina pamene payslip inabwera itadulidwa K40,000, akuti ndinali ndi shoti tsiku lina kumayambiriro kwa mwezi. Patapita masabata atatu munthu sungakumbuke kuti Lachiwiri lija kunachitika chiyani, ndipo anzanga ankangoti zisiye, ungachotsedwe ntchito. Ndinatsegula kabuku kanga, tsikulo panali ma pick up awiri, wachiwiri wa K40,000 ndendende, nambala ya silipi ndinalemba, dzina la amene anatenga ndinalemba. Ndinapita ku ofesi modekha, "bwana, ndimapempha tione limodzi buku la ma pick up pa nambala iyi". Kope ya kaboni inali momwemo, yosainidwa, kungoti wolowetsa mu kompyuta anaidumpha. Ndalama anandibwezera mwezi wotsatira. Chikhala kuti ndinalibe nambala ija akanangoti mawu anga ndi mawu awo.

Pa nkhani yodula malipiroyi, werengani kontrakiti yanu musanasaine muone zimene ikunena za shoti, ndipo nthawi iliyonse akakudulani pemphani akuonetseni fomu ya tsiku limene akunenalo, yokhala ndi siginecha yanu. Employment Act ya 2000 ili ndi malire pa zimene bwana angadule pa malipiro a wantchito, ndipo zikafika povuta ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu amamva madandaulo oterewa, koma kumenekonso choyamba kukufunsani ndi mapepala.

Amene muli ndi golosale yanuyanu, muli ndi ka sisitimu ka pa laputopu kapena pa foni ndipo mwalemba mwana wa achemwali kuti azigulitsa, zonsezi zikukukhudzaninso. Mpatseni floti yodziwika tsiku lililonse, yofanana, musamatenge ndalama m'dirowa osalemba ngakhale ya ndiwo, ndipo muziwerenga naye limodzi madzulo aliwonse osati kudikira Loweruka, chifukwa kusiyana kwa tsiku limodzi kumapezeka malisiti akadali pomwepo ndipo nkhope za makasitomala mukuzikumbuka, pomwe kwa sabata yonse kumangothera kukangana pachibale. Ndalama zimene mukukasungitsa ku banki m'mawa zifanane ndi zimene zalembedwa pa fomu ya dzulo, ndipo silipi ya ku banki ija muipanire pamodzi ndi fomuyo ndi Z ya tsiku lomwelo.